Kumva kuwawa pogona pamodzi m'banja si cilango

Pa maphunzilo a cikwati alangizi amanena kuti banja ndi kupilila. Mau amenewa amathandiza pa zambili, koma alipo amai amene amawanyamula mpaka kucipinda, napilila ululu zaka ndi zaka osauzako munthu. Ena amaganiza kuti Mulungu akuwalanga pa zimene anacita ali atsikana. Abale ndi alongo, ululu umenewu umakhala ndi cifukwa cake m'thupi, ndipo zifukwa zambili zili ndi cithandizo.

Cofala kwambili ndi kuuma kwa njila. Kumacitika mai akamayamwitsa ndiponso akasiya kusamba, cifukwa mphamvu ya m'thupi yochedwa estrogen imatsika. Mafuta ofewetsa opangidwa ndi madzi, amene amagulitsidwa m'masitolo a mankhwala, amathandiza. Vaseline ndi mafuta ophikila ai, amang'amba kondomu. Apa tinene mosabisa za mankhwala acikuda oumitsa njila amene amai ena amalangizidwa kuti akondweletse amuna ao: amayambitsa tizilonda, ululu umakula, ndipo HIV imapeza polowela.

Nthawi zina cimene cavuta ndi cilonda ca pobeleka cimene sicinapole bwino, kapena matenda oyabwitsa, kapena opatsilana mwa kugonana. Ululu wa m'kati kwambili, makamaka kwa mai amene amavutikanso ndi m'mimba posamba, ungacokele ku zotupa za m'cibelekelo kapena matenda a endometriosis. Magazi akamatuluka mukatha kugona pamodzi, musacedwe. Pitani mukapimitse khomo la cibelekelo. M'makiliniki ambili a boma amapima kwaulele.

Palinso vuto limene madokotala amati vaginismus. Minofu ya pakhomo imadzimanga yokha, mai asanafune n'komwe, cifukwa thupi likuopa. Kawilikawili mantha amenewa amacokela ku ululu wakale, kugwililidwa, kapena kukula akumva kuti zonse za thupi la mkazi n'zonyansa. Kumeneku si kukana mwamuna kapena mwano, ndipo kumukakamiza kumangomanga minofuyo kwambili. Amene anacitidwa nkhanza angapeze uphungu ku One Stop Centre m'zipatala zikuluzikulu.

Azibambo ena amathamangila 1 Akorinto 7, koma mutu womwewo umapatsa mkazi ulamulilo wofanana ndi wa mwamuna, ndipo umakamba za kumvana kwa awili. Aefeso 5 amauza mwamuna kusamala mkazi wake monga thupi lake lomwe. Ndani amapitiliza kuponda phazi lake lotupa? Pa Marko 5, mai amene anadwala nthenda ya magazi zaka 12 anafika mobisala, koma Yesu anamucha mwana wake pamaso pa khamu.

Kambilanani masana, mitima ili pansi, osati nthawi yogona. Kukiliniki mungapemphe namwino wamkazi. Mufotokozeleni pamene pakuwawa, kaya pakhomo kapena m'kati, ndi nthawi imene vutoli linayamba. Ngati abambo angakupelekezeni, ndi bwino, cifukwa matenda ena amafuna kuti nonse awili mumwe mankhwala.