Shuga wa nzimbe ndi manyuchi a chimanga: kodi woipa ndi uti?

Mukagula chakumwa chozizilitsa kukhosi kapena mabisiketi ochokera kunja, tembenuzani muwerenge timalemba ta kumbuyo. Nthawi zina simupezapo mawu akuti açúcar. Mupeza xarope de glucose-frutose, kapena m'Chingerezi high fructose corn syrup. Amenewa ndi manyuchi otsekemera amene kawirikawiri amapangidwa kuchokera ku chimanga. Kuno sitiwadziwa kwenikweni, pakuti shuga wathu ndi wa nzimbe, monga wa ku Xinavane, Mafambisse ndi Marromeu. Koma ku America anautsa mkangano waukulu umene ungatithandize kuzindikira machenjera a otsatsa malonda.

Kodi chimanga chingatsekemere bwanji? Amayi ofulula thobwa akudziwa kale. Phala la ufa silitsekemera, koma mukathiramo chimera limasungunuka n'kuyamba kuzuna. Kufakitale amachita zofanana ndi zimenezi ndi mankhwala otchedwa ma enzyme. Amaphwanya sitachi wa chimanga kuti asanduke shuga wotchedwa glucose, kenaka gawo lina amalisandutsa fructose, yemwe ndi wotsekemera kwambiri. Ku America chimanga n'chambiri ndipo boma limathandiza alimi ake, pamene shuga wochokera kunja limamuikira malire. Motero manyuchiwa anatsika mtengo, ndipo pofika 1984 makampani a Coca-Cola ndi Pepsi anali atayamba kuwagwiritsa ntchito m'malo mwa shuga m'dzikolo.

Mu 2004 akatswiri atatu, George Bray, Samara Nielsen ndi Barry Popkin, analemba kuti kunenepa mopyola muyeso kwa anthu a ku America kunakula nthawi yomweyo imene manyuchiwa anafala, ndipo mwina zinthu ziwirizi n'zogwirizana. Anthu anachita mantha, nayamba kuwapewa. Bungwe la makampani opanga manyuchi, Corn Refiners Association, linayankha mu 2008 ndi malonda a pa wailesi ya kanema onena kuti manyuchiwa ndi ochokera ku chimanga ndipo alibe vuto mukadya pang'ono. Mu 2010 linapempha boma kuti dzina lisinthe, azitchedwa "shuga wa chimanga". Nthambi yoona za chakudya ndi mankhwala ya FDA inakana mu 2012. Inati shuga ndi wouma, manyuchi ndi amadzimadzi, ndipo dzina latsopanolo likanasokoneza odwala amene thupi lawo silifuna fructose.

Makampani a shuga nawo sanakhale chete. Mu 2011 anakasuma kukhoti kuti anzawowo akunamiza anthu, ndipo mlandu unatha mu 2015 pogwirizana mwachinsinsi. Musaganize kuti a shugawo anali kumenyera moyo wa anthu ayi. Mu 2016 ofufuza a ku San Francisco anatulutsa makalata akale osonyeza kuti m'zaka za m'ma 1960 bungwe la makampani a shuga linalipira akatswiri a ku Harvard kuti alembe nkhani yochepetsa mlandu wa shuga pa matenda a mtima, n'kuloza chala mafuta. Tsono "shuga weniweni" anasanduka mawu okopera ogula. Ngakhale mu 2025 Coca-Cola inalengeza kuti itulutsa ku America chakumwa cha shuga wa nzimbe, ndipo ambiri anasangalala ngati kwabwera mankhwala.

Nanga thupi lanu limati chiyani? Shuga wa nzimbe ndi theka glucose, theka fructose, zomangirirana pamodzi, ndipo zimamasuka zikangofika m'matumbo. Manyuchi a m'zakumwa ali ndi fructose magawo 55 pa 100 alionse, pamene othira m'zakudya zina ali ndi magawo 42. Kusiyana kwake n'kochepa zedi, ndipo kafukufuku woyerekeza ziwirizi sanapeze kuti china n'chabwino kuposa chinzake. Apa otsatsa a chimanga aja sananame. Chimene sananene mokweza n'chakuti zonse ziwiri zikachuluka zimavulaza. Fructose wambiri amathera m'chiwindi, ndipo wotsala chiwindicho chimamusandutsa mafuta. Komanso shuga wakumwa sakhutitsa: mumwa botolo lonse, nsima n'kudyanso mitanda yanu ya masiku onse. Kumwa zotsekemera tsiku ndi tsiku kumawonjezera chiopsezo cha kunenepa, matenda a shuga ndi kuwola kwa mano.

Mu 2015 bungwe la za umoyo padziko lonse, OMS, linalangiza kuti munthu wamkulu asapyole pafupifupi magalamu 50 a shuga wothira patsiku, omwe ndi masupuni a tiyi 12, ndipo kutsika kufika pa 6 n'kwabwino koposa. Chitini chimodzi cha chakumwa chozizilitsa kukhosi chitha kukhala ndi masupuni 8 mpaka 10. Onjezerani atatu a mu tiyi wa m'mawa, awiri a m'phala, ena a mu thobwa. Mwapyola kale dzuwa lisanapendeke. Uchi ndi juwisi wa zipatso nazo zimawerengedwa m'gulu lomweli, chimodzimodzi shuga wofiirira amene ena amati ndi wabwino. Vitamini A amene amathira mu shuga wa m'dziko muno ndi wothandiza ndithu, koma si chilolezo chodzaza supuni. Mango, nthochi kapena gwafa wodya wathunthu sali m'gululi, mkaka wosathira shuga nawonso ayi.

Makolo, mwana akalira ludzu m'patseni madzi, ndipo phala lake muzithira nsinjiro m'malo mwa shuga wambiri. Inunso chepetsani supuni imodzi mu tiyi sabata ino, ina sabata yamawa, lilime limazolowera. Ngati mukumva ludzu losatha, mukukodza pafupipafupi makamaka usiku, mukuonda popanda chifukwa kapena muli ndi bala losapola, pitani kuchipatala chapafupi akakuyezeni shuga m'magazi.