Tisunge Gwero la Mtsinje wa Lilongwe

Achikumbe anzathu, mtsinje wa Lilongwe, umene madzi ake timathirira nazale za fodya ndi madimba, umachokera ku mapiri a Dzalanyama. Boma linateteza nkhalango imeneyi mu 1922, ndipo mu 1966 pa mtsinjewo anamangapo damu la Kamuzu. Koma ootcha makala anaononga mitengo yambiri, kotero kuti mu 2015 Boma linatumizako asilikali.

Msilikali angathe kulondera mtengo, koma sangaletse nthaka ya m'minda mwathu kukokoloka. Pamalo popanda mitengo mvula siilowa pansi; ithamanga ndi chonde, nikwirira damu ndi matope, ndipo pofika chilimwe timitsinje taphwa.

Chifukwa chake midzi ina yoyandikana ndi nkhalangoyi inayamba kufesa mitengo ndi kupachika ming'oma ya njuchi m'malo mootcha makala. Nafenso tisakhale manja lende. Tilime mizere yopingasa motsata akalozera. Tileke kulima m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje. M'menemo tibzalemo nsungwi, katope ndi mbawa. Wolima fodya wachikopa akhale ndi mitengo yakeyake ya nkhuni ndi yomangira chigafa. Tipangane ndi nyakwawa zathu mvula isanagwe, pakuti mmera mpoyamba.