Kamuzu ndi Banda: kodi mayinawa adachokera kuti?

Mlimi wa fodya wa kwa Mfumu Yaikulu Kaomba ku Kasungu akagulitsa mabelo ake kumsika wa Chinkhoma n'kukatapa ndalama kubanki, mwa ndalama zomwe amapinda m'thumba simulephera kupezeka K1 000 yapepala. Pa ndalamayo pali nkhope ya mwana wa m'boma lomweli, mtsogoleri woyamba wa dziko lino, Dr Hastings Kamuzu Banda.

Mlimiyo atha kukhala Banda. Mlembi wa kalabu yake atha kukhalanso Banda, chimodzimodzinso dalaivala amene wanyamula mabelowo, koma atatuwo osadziwana ngakhale agogo. Pomwe mukangoti Kamuzu, palibe amafunsa kuti mukunena uti. Mayina awiriwa adakhala pa munthu mmodzi, koma adachokera kosiyana ndipo ayenda njira zosiyana.

Dzina lakuti Kamuzu ndi mawu wamba a Chichewa: muzu waung'ono, monga momwe timanenera kamwana kapena kamtengo. Olemba mbiri ya mtsogoleriyu amafotokoza kuti mayi ake, Akupinganyama Phiri, adakhala nthawi osaona mwana, ndipo adaima atamwa mankhwala a mizu omwe sing'anga adawapatsa. Mwanayo atabadwa, makolo adamutcha dzina lokumbukira kamuzu komwe kadawachotsa manyazi pamudzi.

Umu ndi momwe Achewa ankatchulira ana. Khanda likatuluka m'chikuta, mchombo utagwa, linkalandira dzina lonena zomwe banjalo ladutsamo. Wobadwa pakhomo pali zovuta ankakhala Mavuto, wobadwa anthu akulira ankakhala Misozi kapena Maliro. Mlendo akamva dzina la mwana ankadziwiratu nkhani ya pakhomopo asadafunse. Dzina lotere linali la paubwana, ndipo mnyamata akalowa kudambwe kapena mtsikana akavinidwa ankapatsidwa lina. Kuitana munthu wamkulu ndi dzina lake la paubwana kunali chipongwe.

Dzina lakuti Hastings lidabwera ndi mishoni. Mnyamatayu adayamba sukulu ku Mtunthama, kum'mawa kwa tauni ya Kasungu, n'kudzapitiriza ku Chilanga, m'masukulu a mishoni ya Livingstonia. Masiku amenewo wobatizidwa ankatenga dzina lachikhristu, ndipo iye adasankha la mmishonale wa ku Scotland, John Hastings, yemwe ankamusirira. Kwawo kwa dzinali ndi ku England, komwe kuli tauni ya m'mbali mwa nyanja yotchedwa Hastings, yodziwika ndi nkhondo ya m'chaka cha 1066. Mchitidwe wotenga mayina a amishonale ndi atsamunda ndiwo udadzaza midzi yathu ndi a Laws, a Hetherwick ndi a Johnston.

Banda ndi mfunda, womwe ena amati chiwongo, ndipo ndi wakale kuposa boma, mpingo ngakhalenso malire a dziko lino. Mwa Achewa, mafuko akuluakulu ndi awiri: a Banda ndi a Phiri. Nkhani yomwe akuluakulu amasimba imati makolo ali paulendo, ena adagona pamwamba pa phiri ndipo adatchedwa a Phiri, pomwe ena adatsala m'munsi n'kubanda udzu kuti apeze pogona, ndipo adatchedwa a Banda.

Akatswiri a mbiri yakale, monga malemu Matthew Schoffeleers, adaona kuti nkhaniyi ikubisa kugawana kwa maudindo. A Banda ndiwo amawerengedwa kuti adayamba kufika, motero adali eni nthaka ndi osunga akachisi a mvula. Makewana, yemwe ankatsogolera zopempha mvula ku Msinja kufupi ndi mapiri a Dzalanyama, ankachokera kwa a Banda. A Phiri adadza ndi ufumu wa Kalonga, womwe likulu lake lidali ku Mankhamba, cha ku Mtakataka. Mafuko awiriwa ankadalirana: Nyangu, mayi wa ufumu, adali Phiri, koma Mwali, mkazi wamkulu wa Kalonga, ankayenera kuchokera kwa a Banda. Ukwati wa makolo a Kamuzu udatsata njira yakale yomweyi, pakuti bambo ake, Mphonongo, adali Banda ndipo mayi ake adali Phiri.

Apa mpamene ambiri a m'tauni amasokonezeka. Ngati Achewa amatsata kuchikazi, bwanji mwana wa mayi wa kwa Phiri adatchedwa Banda? Yankho lake n'lakuti mbumba ndi mfunda n'zosiyana. Mwana ndi wa mbumba ya mayi ake, ndipo nkhani za malo, ufumu ndi ukwati zimadzera kwa amalume. Koma m'madera ambiri, kuphatikizapo Kasungu komwe Achewa adayandikana ndi Atumbuka ndi Angoni, mfunda woitanira munthu umachokera kwa bambo. Pa moyo wa Kamuzu izi zidaonekera poyera: dzina adatenga la bambo, koma amene adamutsogolera pa maphunziro ndi paulendo wa ku Southern Rhodesia ndi ku South Africa adali malume ake, Hanock Msokera Phiri.

Sukulu, mipingo ndi mabuku a msonkho wa atsamunda ndizo zidasandutsa mfunda kukhala dzina lachiwiri lolembedwa papepala. Kalaliki ankafuna mayina awiri, ndipo mfunda ndiwo udali pafupi. N'chifukwa chake Banda lero ndi limodzi mwa mayina ofala kwambiri m'Malawi, kum'mawa kwa Zambia ndi ku Tete m'dziko la Mozambique, ndipo likupezekanso mwa Atonga ndi Atumbuka. Matheba ndi matchona adalifikitsa ku Harare, ku Bulawayo ndi ku Johannesburg.

Kufanana dzina kotereku sikutanthauza ubale. Rupiah Banda, yemwe adalamulira Zambia kuyambira 2008 mpaka 2011, sadali mbale wa Kamuzu. Joyce Banda, Pulezidenti wa dziko lino kuyambira 2012 mpaka 2014, adabadwa Mtila ndipo dzinali adalitenga kwa amuna awo, Richard Banda, omwe adakhalapo mkulu wa makhoti. Aleke Banda, wa ku Nkhata Bay, adagwira ntchito pafupi kwambiri ndi Kamuzu, koma dzina silidamuteteze: adatsekeredwa m'ndende popanda mlandu kuyambira 1980 mpaka 1992.

Dzina la Kamuzu lidayenda mosiyana. Mwini wake atabwerera kumudzi pa 6 July 1958, dzina la paubwanali, lomwe mwamwambo likadatha kuiwalika, ndilo lidalowa m'nyimbo za amayi ndi m'misonkhano. Iye adakhala Pulezidenti wamuyaya mu 1971, ndipo m'zaka za utsogoleri wake dzinali lidalembedwa pa bwalo la zamasewero ku Blantyre, chipatala chachikulu ndi bwalo la ndege ku Lilongwe, komanso sukulu ya Kamuzu Academy yomwe idatsegulidwa ku Mtunthama mu 1981.

Chifukwa lidasanduka dzina la ulamuliro, lidasenzanso milandu ya ulamulirowo. Kwa ena limakumbutsa misewu, zipatala ndi nkhokwe zodzaza. Kwa ena limakumbutsa ndende ya Mikuyu, makadi okakamiza a chipani ndi imfa ya akuluakulu anayi a ndale ku Mwanza mu 1983, mmodzi mwa iwo Aaron Gadama wa ku Kasungu konkuno. Boma la Bakili Muluzi litalowa mu 1994 lidachotsa dzinali pamalo angapo, bwalo la zamasewero n'kukhala Chichiri Stadium. Bingu wa Mutharika adalibwezeretsa atalowa m'boma mu 2004, ndipo mu 2021 sukulu yaukachenjede ya zaumoyo idayamba kugwira ntchito ndi dzina lakuti Kamuzu University of Health Sciences. Pa nthawi yonseyi palibe adaganizako zochotsa dzina la Banda paliponse, chifukwa mfunda ulibe mwini mmodzi.

Masiku ano makolo ambiri amasankha mayina oyamika monga Madalitso, Mphatso, Tadala ndi Thokozani, ndipo nkhani za mizu ndi misozi zatsalira m'mayina a agogo. Nayo mifunda ikusintha kagwiritsidwe ntchito. Kumudzi mayi amalemekezedwa pomutchula kuti aNabanda kapena aNaphiri, dzina lomwe limasunga kwawo ngakhale akwatiwe, koma pa chiphaso cha unzika pamangolembedwa Banda, kaya ndi wa bambo ake kaya wa mwamuna wake. Amene akufuna kudziwa kuti u-Banda wake udadzera kuti sangaupeze pa chiphasocho. Ayenera kukafunsa amalume ndi azakhali akadali moyo.