Kulimba kwa nsapato kumadziwikira pamene imapindika

HARARE — Komboni ya Rugare inamangidwira ogwira ntchito za njanji m'nthawi ya Rhodesia Railways, ndipo ambiri mwa iwo anachokera ku Nyasaland, Northern Rhodesia ndi Mozambique. M'dera lotere nsapato za mitundu iwiri n'zosachita kufunsa: jombo ya kuntchito, ndi nkhwayira zodulidwa ku matayala akutha, zimene Ashona amati manyatera. Zonse zimayesedwa, koma mosiyana.

Jombo imayesedwa m'labotale. Malinga ndi muyezo wa ISO 20345, chitsulo choteteza zala chiyenera kupirira chinthu cholemera makilogalamu 20 chitachigwera kuchokera m'mwamba pafupifupi mita imodzi. Pofuna kudziwa msanga umene mphira wa pansi umaperesekera, kachidutswa kake amakakhuza pa sandipepala mtunda wa mamita 40, kenako n'kuyeza kuchuluka kwa mphira umene watha.

Muyeso wofunika koposa, ngakhale ogula sautchula, ndi wa kupinda. Akatswiri amacheka mphirawo dala mamilimita 2, makina n'kuupinda ka 30,000. Mng'alu ukakula kupitirira mamilimita 4, jomboyo yalephera. Chifukwa chake n'chakuti nsapato zambiri sizifa ndi kupereseka. Zimathyoka pansi pa zala, pamene phazi limapindika pa sitepe iliyonse, ndipo madzi a dzinja akalowa mu mng'aluwo guluu amamatuka.

Mmisiri wa nkhwayira alibe makina, komabe mfundo yake ndi yomweyo: amapinda mphira ndi manja n'kuyang'ana ngati ukuonetsa timing'alu. Chimene chinamuvutitsa ntchito ndi tayala la radial, lomwe kampani ya Michelin inalembetsa mu 1946. Tayala limeneli lili ndi mawaya achitsulo mkati, omwe amabunthitsa mpeni, ndipo akatulukira amachita dzimbiri n'kubaya phazi. Matayala akale a ulusi ankadulika bwino.

Nawo anthu a kumayiko ozizira anadutsa njira yomweyi ndi nsapato zawo zotambalala zoyendera pa chipale chofewa, zimene zimateteza munthu kuti asatitimire. Amwenye a ku North America ankazipanga ndi mtengo wopinda ndi zingwe zachikopa, koma chikopa chikanyowa chimalephuka. M'zaka za m'ma 1970 abale awiri, Gene ndi Bill Prater a ku Washington, anayamba kugulitsa za aluminiyamu ndi mphira wa neoprene. Kumeneko mdani ndi kuzizira, kumene kumaumitsa pulasitiki mpaka kusweka, choncho zipangizo amaziyesa zitazizira.

Ku Rugare mdani ndi wina: phula lotentha la mu Okutobala, miyala yakuthwa ya m'njanji, ndi mafuta a injini, omwe amafufumitsa mphira wachilengedwe. N'chifukwa chake wogula jombo ya kuntchito ayenera kufunsa ngati mphira wake unayesedwanso m'mafuta, pakuti si jombo iliyonse yokhala ndi chitsulo kuzala imene inapambana muyeso umenewo.