KUIKA CHENI CATSOPANO PA NJINGA YA MOTO

Lero tikamba za njinga ya moto, pakuti ndiyo imene imatinyamulira matumba kunka kumsika, ndi odwala kunka kucipatala. Mphamvu ya injini imafika ku gudumu la kumbuyo podzera pa cheni. Cheni cikaduka kapena kusomphoka muli pa liwiro, cikhoza kukola gudumu ndi kugwetsa inu pamodzi ndi amene mwamkweza.

Poyamba gulani cheni coyenera. Pa mbali ya cheni cakale pali nambala yodindidwa. Njinga zing'onozing'ono zambiri zimafuna 428, zina 420. Pa mitundu iwiriyi mfundo zimatalikirana cimodzimodzi, mamilimita 12.7, koma 428 ncotakata kuposa 420. Musalole wogulitsa kukupatsani nambala yina. Yang'ananinso magudumu awiri a mano, amene amakanika amati sipuloketi. Ngati mano ace asongoka kapena kupindika ngati mbedza, sinthani onse, cifukwa mano akutha amadya cheni catsopano msanga.

Tsono mvetsetsani apa. Cheni catsopano kawirikawiri cimabwera cacitali, ndipo ciyenera kudulidwa. Anthu ambiri amagoneka cakale ndi catsopano pansi, nadula pamene cakale cathera. Uku nkulakwa. Cheni cakale cinatalika cifukwa timisomali tace tinaperepeseka, cotero muyezo wace ngwonama. Werengani timisomali ta cheni cakale, kuphatikizapo ta pa joini, ndipo muwerenge kawiri. Nambala yace ikhale yogawika pawiri, monga 116 kapena 118. Catsopano cikhale ndi nambala yomweyo.

Musanadule, zimitsani injini, imikani njinga pa mwendo wace wapakati, masulani nati ya gudumu ndi tomangira ta mbali zonse ziwiri, nimukankhire gudumu kutsogolo. Kolekani cheni pa mano, nsonga zace zikomane pa sipuloketi ya kumbuyo, muone ngati kuwerenga kwanu kukugwirizana. Nsonga zonse ziwiri zithere pa mfundo yopapatiza, kuti joini ilowe. Pamenepo palani mutu wa kamsomali ndi tupa, nimukakhome katuluke. Cheni cacitali mukhoza kucidulanso mawa, koma cimene mwafupikitsa ndi ndalama yotayika.

Joini imatsekedwa ndi kacitsulo kopanira, kotseka mbali yina ndi kotseguka mbali yina. Mbali yotseka iloze kumene cheni cikupita. Joini ikakhala pamwamba, mbali yotsekayo iyang'ane kutsogolo kwa njinga. Mukakatembenuza, kakhoza kukodwa ndi kuthothoka pa njira.

Tsopano kokerani gudumu kumbuyo pang'onopang'ono, mofanana uku ndi uku, potsata mizere yolembedwa pa citsulo. Kankhani cheni ca m'munsi ndi cala pakati pace. Cisewere masentimita 2 kapena 3, ngati buku la njinga yanu silinena zina. Colimba kwambiri cimaononga mabeling'i, makamaka mukasenza katundu, colobodoka cimasomphoka. Mangani nati zolimba, ndipo mukonzenso buleki ya kumbuyo, pakuti imasintha gudumu likasuntha.

Cheni catsopano cimalobodoka pang'ono pa maulendo oyamba, cotero ciyeseninso pakatha mlungu. Pfumbi la cilimwe ndi matope a dzinja ndiwo adani ace: citsukeni ndi palafini, nimucidonthezere oilo, mukuzunguza gudumu ndi dzanja. Osacita izi injini ikulira, mungataye zala.

Inu mafumu, itanani anyamata a kabaza a m'midzi mwanu muwafotokozere zimenezi, pakuti amene amawakweza ndi anthu anu. Tsalani bwino.