Osamalira Odwala Misala ku Zomba ndi Kumidzi

Dzina la Zomba likatchulidwa, ena amakumbukira phiri ndi madzi ozizira a Mulunguzi, ena likulu la boma limene linasamukira ku Lilongwe mu 1975. Koma m'makomo ambiri, ngakhale eni ake sanena mokweza, dzinali limakumbutsa chipatala kumene anapereka mbale wawo mutu utamuzungulira. Chiyambi cha malo amenewa sichinali cha ulemu, pakuti mu 1910 boma la atsamunda linawatsegula monga mbali ya ndende yaikulu ya Zomba, ndipo osunga odwala anali alonda a ndende, amene anaphunzira za makiyi ndi unyolo, osati za mankhwala. Lamulo la kasamalidwe ka odwala misala linadza mu 1948, chipatala chenicheni chinatsegulidwa mu 1953, ndipo m'zaka zomwezo kunafika mankhwala a chlorpromazine, amene anachititsa kuti munthu wogwidwa ndi amuna anayi dzulo akhale pansi lero ndi kufunsa za ana ake.

M'chaka chomwecho cha 1948, ku Mangalande, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itangotha, makhonsolo anapatsidwa udindo wokhala ndi anthu oyendera odwala maganizo m'makomo ndi kukonza za kugonekedwa kwawo, komanso mphamvu yolemba amayi olipidwa kuti azikaphika, kuchapa ndi kusesa m'nyumba zimene matenda agwetsa mwini wake. Dziko lino, lotchedwa Nyasaland pa nthawiyo, linalandira chipatala, koma antchito a m'makomo aja silinawalandire. Ntchito yawo sinathe chifukwa chosowa malipiro, inangogwera ena.

Namwino wa pachipatalapo ndiye woyamba kuona mmene kumudzi avutikira. Wodwala amafika atatupa m'mikono ndi chingwe, operekeza ali wefuwefu, atagulitsa kale mbuzi kwa sing'anga ndi kugona masiku m'mapemphero. Namwino wodziwa ntchito sayamba ndi jekeseni ngati mpata ulipo, amamasula chingwe, namutchula munthuyo dzina lake ndi ulemu woyenera msinkhu wake, kenaka nafunsa operekeza: "Atha masiku angati osagona? Amasuta chamba? Anayamba atabereka kapena malungo atawagwira?" Amamveranso wodwala mwini, pakuti akale anati wamisala anaona nkhondo, ndipo kawirikawiri m'mawu obalalikawo muli imfa, ngongole kapena nkhanza imene abale akubisa. Madokotala a matendawa m'dziko muno akhala owerengeka nthawi zonse, motero mtolo wagona pa anamwino ndi ma clinical officer, pamodzi ndi othandiza m'mawodi amene amasambitsa ndi kudyetsa okana chakudya, amenenso anthu akunja amawanyoza kuti nawonso mitu yawo siyenda bwino.

Komabe ndinene mosabisa kuti ntchito yolemera koposa imayamba tsiku limene wodwala atuluka pachipata. Ngakhale m'Malembo, munthu wa ziwanda uja wokhala kumanda atachira anauzidwa kubwerera kwawo kwa abale ake. Ndipo kwathu kuno, ku Domasi, ku Jali, ku Mayaka ndi m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, kumene mbumba imayendera kuchikazi, womulandira amakhala mayi wake, mlongo wake kapena agogo, malume akungodzaweruza za ndalama ya ulendo. Mayi ameneyu ndiye amamanga mapiritsi pa nsonga ya chitenje kuti ana angawatole, ndiye amaima kufikira ataona kuti amezedwa, ndiye amabisa chikwanje masiku oipa. Ngati nthendayo ndi khunyu, ndiye amaonetsetsa kuti mwana wake asakhale yekha pafupi ndi moto kapena pachitsime. Amasiya khasu m'munda nthawi ya kupalira kuti akalandire jekeseni wa mwezi ndi mwezi, ndipo akapeza kuti mankhwala atha, amabwerera podziwa bwino chimene chimudikira masabata akudzawo. Palibe buku la boma mmene dzina lake linalembedwa monga wantchito.

Pakati pa chipatala ndi mayiyu payenda mlangizi wa zaumoyo ndi njinga yake. Ntchito ya alangizi inayamba ndi katemera wa nthomba, inakula pa mliri wa kolera wa 1973, ndipo m'boma la Zomba ambiri a iwo anaphunzitsidwako kuzindikira matenda a maganizo, kutonthoza banja ndi kutumiza wodwala kuchipatala chingwe chisanafunike. Cholinga cha boma ndi chakuti mlangizi mmodzi aziyang'anira anthu 1,000, koma m'madera ambiri anthu ake amapitirira pamenepo, ndipo ali kale ndi sikelo ya ana, katemera, zimbudzi ndi zitsime. Kotero khomo la wodwala amene wadumpha jekeseni amalifikira mochedwa, mayi uja atayamba kale kugona pakhomo kulondera mwana wake.