Chipolopolo chopanda bomba chimaboola bwanji kasinja?

Ndikamachonga mayeso a kinetic energy, ndimapeza ambiri mwa inu mwaiwala ka 2 kali pamwamba pa v mu ½mv². Kasinja wa K2 Black Panther akukumbutsani.

Kasinjayu anapangidwa ku South Korea ndi kampani ya Hyundai Rotem, ndipo asilikali akumeneko anayamba kumugwiritsa ntchito mu 2014. Amalemera matani pafupifupi 55. Mkati mumakhala anthu atatu basi, poti makina ndi amene amalowetsa zipolopolo mu mzinga wake wa mamilimita 120.

Chipolopolo chowombera akasinja ena chilibe bomba ayi. Ndi kamkondo chabe ka chitsulo cholemera cha tungsten. Tiyerekeze kuti kakulemera makilogalamu 5 ndipo kakuthamanga mamita 1,600 pa sekondi. Tengani cholembera: ½ × 5 × 1,600² ikutipatsa majulo 6,400,000. Galimoto ya matani awiri ingafike pamenepo itathamanga makilomita 288 pa ola! Mphamvu yonseyo imathera pa kansonga kakang'ono, chitsulo n'kubooka.

Liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu imawirikiza kanayi. Muzikumbukira zimenezi pa mayeso, komanso dalaivala wa minibasi akayamba kuponda moto.